Asanaboole chigaza, ayambe aona m'kati

Pali mkangano umene ukuzungulira m'magulu a WhatsApp a mipingo ndi a mabungwe athu a maliro kuno ku Harare, kuyambira ku Mufakose mpaka ku Mabvuku, ndipo sukuoneka kuti uzizira msanga. Gwero lake ndi pempho la banja lina limene likusonkha ndalama zoti bambo awo, amene adwala matenda a Parkinson kwa zaka zambiri, akachitidwe opaleshoni ya DBS ku India. Iyi ndi opaleshoni yolowetsa tiwaya m'kati mwenimweni mwa ubongo, n'kutilumikiza ku kabatire kobisika pansi pa khungu la pachifuwa, kuti timagetsi tochepa tizichepetsa manjenje ndi kuuma kwa thupi. Ena akuti tisonkhe msanga, tikiti igulidwe, zofunsafunsa n'zotayitsa nthawi. Ena akuti zimenezi n'za anthu olemera, ife tizingolimbikira mapiritsi ndi pemphero. Ine ndikuti pokangana chonchi talumpha chinthu chimene chili pakati penipeni pa nkhaniyi, ndicho chithunzi cha ubongo. Opaleshoniyi ndi yabwino ndipo ndikufuna anthu athu aipeze, koma imathandiza pokhapokha ngati chithunzi chaonetsa kaye kuti palibe matenda ena obisala, chatsogolera waya kukafika pamalo pake, kenako chithunzi china chatsimikiza kuti wayayo wakhaladi pamene amafunika. Choncho dola yoyamba ya banja ipite pa chithunzi, ndipo dandaulo lathu kwa a boma likhale la makina ojambulira ubongo ndi anthu odziwa kuwerenga zithunzizo.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi kukula kwa malo amene dokotala amafuna kulasa. Pa matenda a Parkinson, maselo a pamalo otchedwa substantia nigra, amene amapanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza ubongo kuyendetsa thupi, amafa pang'onopang'ono. Dopamine akachepa, timagulu tina ta maselo a m'kati mwa ubongo timayamba kutumiza mauthenga osokonekera. Dzanja limanjenjemera munthu ali chikhalire, thupi limauma, nkhope imasiya kuonetsa chimwemwe kapena chisoni, ndipo poyenda amakwekwesa mapazi. Kagulu kamene madokotala ambiri amalunjikako ndi subthalamic nucleus. M'litali kamangofika cha m'ma sentimita imodzi, kuchindikala kwake ndi mamilimita owerengeka, ndipo kali pansi kwambiri, pakati pa mutu. Komanso si konse kamene kamafunika: chigawo choyendetsa thupi chili chakumbuyo, pamene chakutsogolo chimakhudza maganizo ndi mmene munthu amamvera mumtima. Waya amene amalowetsedwa ndi wochindikala pafupifupi mamilimita 1.3, ndipo amatulutsa timagetsi maulendo pafupifupi 130 pa sekondi iliyonse. Akapatuka ndi mamilimita awiri okha chakunja, magetsi amakhudza mitsempha yopita ku minofu, pakamwa n'kukokeka, mawu n'kumatuluka osamveka. Akapatukira cham'kati, diso limatha kutembenuka, munthu n'kumaona zinthu ziwiriziwiri. Akapita chakumbuyo, dzanja limachita dzanzi. Akatsikira chakutsogolo, bambo wodekha angathe kusanduka wosaugwira mtima. Batire lingadule chotani, dokotala angatchuke chotani, waya amene wakhala pamalo olakwika sathandiza.

Kwa zaka zambiri madokotala ankafika pamalo amenewa asakuwaona. Mu 1947 Ernest Spiegel ndi Henry Wycis ku Philadelphia, kenako Lars Leksell ku Sweden mu 1949, anapanga felemu yachitsulo yomangirira kumutu kuti malo alionse a mu ubongo akhale ndi manambala ake atatu. Manambalawo ankachokera m'mapu opangidwa pocheka ubongo wa anthu ochepa amene anamwalira, ndipo mapu amene anatchuka kwambiri anakonzedwa ku Germany. Dokotala ankayeza kuchokera pa timfundo tiwiri tooneka pa X-ray, n'kuyembekezera kuti ubongo wa wodwala wake ukufanana ndi wa m'mapuwo. Pamene Alim-Louis Benabid ndi Pierre Pollak ankayamba DBS ya masiku ano ku Grenoble, m'dziko la France, mu 1987, ankadalirabe njira yoteroyo. Koma ubongo wa anthu sufanana, ndipo wa munthu wokalamba umafota, mphako za madzi za m'kati mwake zimakula, malo n'kusuntha. Aliyense amene anaonapo anthu akuboola mjigo ku Mabvuku kapena ku Budiriro akudziwa kuti sukumba chifukwa chakuti woyandikana nawe anapeza madzi. Umaitana kaye woyeza nthaka, apo ayi ulipira chigalimoto chonse cha makina n'kutsala ndi dzenje la fumbi. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo ungathe kusuntha n'kukaboola pena, pamene mu ubongo kuboola kulikonse kungathe kung'amba mtsempha wa magazi. Makina a CT, amene anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, anayamba kusintha zinthu, ndipo tizikumbukira kuti mmodzi mwa anthu awiri amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 chifukwa cha makinawa, Allan Cormack, anabadwira ku Johannesburg ndipo maganizo akewo anayambira pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Kenako kunabwera MRI. Pa chithunzi chabwino cha MRI, subthalamic nucleus imaoneka ndi maso, yoderako kuposa malo oizungulira chifukwa ili ndi ayironi wambiri, ndipo dokotala amaona ubongo wa wodwala wake weniweniyo pamodzi ndi mitsempha ya magazi imene ayenera kuilambalala.

Tsono tibwere kwa amene akutsutsa. Mawu olemera kwambiri ndi a amene akufunsa kuti dziko limene m'makiliniki ake mumasowa ngakhale mankhwala a mutu, limene anamwino ake akuthawira ku UK, lingakambe bwanji za makina a MRI ndi tiwaya ta mu ubongo. Amenewa sakunama, ndipo sindikuwapeputsa. Chimene wodwala Parkinson amafuna choyamba ndi levodopa, mankhwala amene mphamvu yake inaoneka bwino mu 1967 ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Mabanja ambiri kuno amagula okha ku famase ndi madola a ku America, kapena amadikira wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndipo mwezi ukavuta agogo amadula piritsi pakati kuti lifike pa malipiro a mwana wawo. Amene angaike opaleshoni patsogolo pa levodopa wasokoneza zinthu. Komabe taonani chimene ine ndikupempha. Sindikunena kuti boma liyambe kugula mabatire a DBS. Ndikunena za makina ojambulira, ndipo makina amenewo satumikira munthu mmodzi. MRI imene imaonetsa subthalamic nucleus ndi yomweyo imene imaonetsa chotupa mwa mayi wodwala mutu wosatha, chipsera chimene chikuyambitsa khunyu mwa mwana, msana wa mnyamata wovulala pa ngozi ya kombi, ndi matenda a mu ubongo amene amagwira anthu a HIV chitetezo chikatsika. Wodwala wa DBS ndi mmodzi chabe pamzere wautali, mwinanso ndi womaliza. Ndiye kunena kuti MRI ndi ya olemera n'kulakwitsa. Olemera ali nayo kale MRI yawo m'zipatala zolipira za ku Avenues. Amene akuifuna m'chipatala cha boma ndi a ku Epworth ndi a ku Dzivarasekwa.

Ndiponso tisamadziderere ngati kuti mzinda uno sudziwa ntchito ya ubongo. Laurence Levy anafika kuno mu 1956, ndipo kwa zaka zambiri anali yekha dokotala wa opaleshoni ya ubongo m'dziko lonse. Ataona kuti timachubu tochotsera madzi m'mutu mwa ana tochokera kunja n'todula, anapanga kake kotsika mtengo, kamene kanatchedwa Harare shunt. Mu 2014 madokotala a konkuno analekanitsa mapasa obadwa olumikizana, ana onse awiri n'kukhala moyo. University of Zimbabwe imaphunzitsa madokotala a opaleshoni ya ubongo. Luso lilipo. Chimene chimavuta ndi makina amene angagwire ntchito chaka chonse, mgwirizano wowakonza akawonongeka, helium woziziritsa maginito ake, magetsi osazimazima, ndi malipiro oti katswiri wowerenga zithunzi asakwere ndege. Mu 2024 boma linayamba kutolera msonkho pa shuga wa m'zakumwa ponena kuti ndalamazo zigulira makina a khansa, zomwe zikusonyeza kuti njira yopezera ndalama za makina odula imapezeka pakakhala kufuna. Ndipo matendawa sakupita kwina. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni padziko lonse anali ndi Parkinson, ndipo chiwerengerochi chinawirikiza kawiri m'zaka 25. Ife makamaka tili ndi chifukwa chotcherera khutu, pakuti kafukufuku wasonyeza kuti amene agwira nthawi yaitali mankhwala ena ophera udzu ndi tizilombo, monga paraquat, amadwala matendawa kwambiri kuposa anzawo, ndipo makolo athu ambiri anakalambira m'mafamu atabereka sipuleya kumsana, opanda ngakhale chotseka pamphuno.

Gulu lachiwiri ndi la achangu, ndipo ndimalimvetsa chifukwa likulankhula ndi chikondi. Akuti ku India kuli zonse, akafika akawajambula komweko, nanga tiwonongerenji madola mazana angapo pa MRI ya kuno imene akaibwereza? Zoona, akaibwereza, chifukwa chithunzi chotsogolera opaleshoni chimajambulidwa mwapadera. Koma chithunzi cha kuno chili ndi ntchito ina, yothandiza kuyankha ngati ulendowo ndi woyenera n'komwe. MRI payokha sitsimikiza kuti munthu ali ndi Parkinson; zimenezo amaziona dokotala wa mitsempha pomuyeza wodwalayo ndi manja ndi maso. Chimene MRI imachita ndi kuulula matenda ena amene kunja amaoneka ngati Parkinson. Pali timasitiroko ting'onoting'ono tambirimbiri tobwera chifukwa cha BP yosasamalidwa, tomwe timaumitsa miyendo. Pali madzi ochuluka m'mphako za ubongo, amene amayendetsa munthu mokwekwesa, kumuiwalitsa ndi kumulepheretsa kusunga mkodzo, ndipo chithandizo chake ndi kachubu kamene madokotala a kuno amaika. Pali magazi oundana pansi pa chigaza mwa agogo amene anagwa miyezi iwiri yapitayo aliyense n'kuiwala. Palinso matenda ena a mu ubongo ofanana ndi Parkinson, monga MSA ndi PSP, amene DBS siwathandiza. Kuwonjezera apo, mankhwala ena odziwika, monga haloperidol, chlorpromazine ndi metoclopramide, amatha kubweretsa manjenje ndi kuuma, ndipo pamenepo chofunika ndi dokotala wofunsa bwino zimene wodwala akumwa. Pomaliza pali kuyeza kwa levodopa: wodwala amayezedwa asanamwe ndiponso atamwa, ndipo ngati kusintha kwake sikufika pafupifupi 30 peresenti, nthawi zambiri waya nayenso sadzasintha zambiri. Zonsezi zingachitike ku Harare ndi kagawo kochepa ka ndalama za ulendo.

Tisaiwalenso kuti kwa ife ulendo umayambira pa mapepala. Ambiri mwa makolo athu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini anakhala zaka ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ngakhale malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa ana awo obadwira kuno, kupezera agogo pasipoti ndi ntchito yotha miyezi. Ndiye banja ligulitse sitandi, lithamange ndi mapepala, likongole kwa achimwene a ku Joni, likafike kumeneko n'kukauzidwa kuti bambowa si oyenera opaleshoni? Ndipo kuuzidwa choncho ndi mwayi. Choopsa kwambiri n'kukapeza chipatala chimene sichibweza munthu wobwera ndi ndalama m'manja.

Pakhonde la sitolo ina ku Highfield pamakhala atelala achikulire amene matendawa amaonekera bwino pa ntchito yawo. M'mawa atamwa piritsi, amalowetsa okha ulusi pa singano, n'kupalasa makina awo akale mpaka mpendero wa yunifolomu ya sukulu utatha. Dzuwa likakwera mankhwala n'kuyamba kutha mphamvu, chala chachikulu ndi chamkombaphala zimayamba kufikisana zokha, phazi limakana kupalasa, amaika sizasi pansi n'kuitana mdzukulu kuti adzadule nsalu. Akamwa piritsi lina, pakapita kanthawi phewa ndi khosi zimayamba kupindikapindika iwo asakufuna, mpaka makasitomala ena amaganiza kuti alawa. Koma miyezo ya m'chiuno ya anthu awo amaikumbukira popanda kope. Ameneyu ndiye wodwala amene DBS inapangidwira: mankhwala akugwirabe koma kwa maola ochepa, akubweretsa mavuto akeake, pamene mutu uli bwinobwino. Kafukufuku wa EARLYSTIM, wochitika ku Germany ndi ku France pa odwala 251 ndi kufalitsidwa mu 2013, anapeza kuti odwala amene mankhwala ayamba kuwavuta motere ankakhala moyo wabwinopo ataikidwa waya kuposa amene anangopitiriza mankhwala okha. Tsono yerekezani ndi agogo ena amene amagwa chagada kawirikawiri, aiwala mayina a ana awo, ndipo levodopa sawasintha kanthu. Kutchalitchi onse awiri timangoti ali ndi manjenje. Koma kuwatumiza agogo achiwiriwa ku opaleshoni n'kuwazunza, chifukwa DBS sichiritsa Parkinson, siimitsa matenda kukula, ndipo pa kugwaigwa, kulankhula ndi kuiwala sithandiza kwenikweni, mwinanso imawonjezera vuto.

Kutsutsa kwachitatu n'kwa anthu odziwa, ndipo ana athu a zachipatala amene ali m'magulu aja akufotokoza bwino. Akuti chithunzi nachonso chimanama. MRI imapotoza malo pang'ono. Ndiponso chigaza chikangobooledwa, madzi a mu ubongo amatuluka, mpweya n'kulowa, ubongo n'kusuntha, kotero kuti chithunzi cha m'mawa sichionetsa bwino ubongo wa masana. N'chifukwa chake, akutero, njira yodalirika ndi yochita opaleshoni wodwala ali maso. Amasiya mankhwala usiku wonse, felemu imamangidwa kumutu, pakhungu amabaya mankhwala a dzanzi, ndipo dokotala amalowetsa tisingano topyapyala tomvetsera maselo. Pa sipika pamamveka kuthetheka, ndipo katswiri amadziwa ndi khutu kuti tsopano talowa mu subthalamic nucleus. Kenako amayatsa timagetsi n'kumuuza wodwala kuti atambasule dzanja, awerenge manambala, anene ngati akumva dzanzi. Iyi ndi njira yolemekezeka. Yathandiza anthu masauzande ambiri, ndipo zipatala zabwino zikuigwiritsabe ntchito. Ndikuvomerezanso kuti pa manjenje a mtundu wina, otchedwa essential tremor, amene amagwira dzanja munthu akamanyamula kapu, malo olasapo ali mu thalamus ndipo saoneka bwino pa MRI wamba, choncho kuyesa wodwala ali maso kudakali ndi phindu lalikulu, ngakhale kuti tsopano kuli zithunzi zotsata njira za mitsempha zimene zikuthandizapo.

Komabe kutsutsa kumeneku sikugwetsa mfundo yanga. Ngakhale dokotala womvetsera maselo amayambira pa chithunzi. Popanda chithunzi sadziwa poboola ndi kolowera. Kuwonjezera apo, singano iliyonse yolowa mu ubongo ili ndi chiopsezo chake. Kutaya magazi mu ubongo kumachitikira pafupifupi wodwala mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, ndipo kumakula singano zikachuluka. Madokotala a ku Queen Square ku London, amene amalunjika ndi MRI, kulowetsa waya osamvetsera maselo, kenako n'kujambulanso wodwala asanamuchotse felemu, anafalitsa mu 2012 zotsatira zosonyeza kuti kutaya magazi sikunafike ngakhale wodwala mmodzi pa 100. Kusuntha kwa ubongo amakuchepetsa pofupikitsa opaleshoni ndi kutseka bowo msanga, ndipo waya akapatuka amamuona pachithunzi chachiwiricho n'kumukonza nthawi yomweyo. Ku San Francisco anafika pochita opaleshoni yonse wodwala ali m'tulo m'kati mwa makina a MRI. Tsono funso la ife ndi lakuti njira iti ingamere pa nthaka ya kuno. Kumvetsera maselo kumafuna zida zogwira ntchito imodzi yokhayo ndi akatswiri amene tilibe ochuluka, pamene njira ya chithunzi imaimira pa makina ndi luso zimene chipatala chachikulu chimafuna kale tsiku ndi tsiku. Palinso chinthu chimene ana athu ophunzira sakuchitchula. Opaleshoni ya wodwala ali maso imadalira kumvana. Taganizirani agogo amene amalankhula Chichewa ndi Chishona basi, ali kutali ndi kwawo, asiya mankhwala, thupi lauma, mutu wamangidwa, ndipo dokotala wobisa pakamwa akuwafunsa m'Chingerezi ngati dzanzi likutha kapena likukhalitsa. Agogo athu ambiri, chifukwa cha ulemu, amangoti eya. Yankho lotero silingakhale lodalirika kuposa chithunzi.

Ndipo pali umboni wa zimene zimachitika waya akapanda kutsimikizidwa. Mu 2005 Michael Okun ndi anzake ku America anaunika odwala 41 amene anatumizidwa kwa iwo chifukwa DBS sinawathandize. Mwa amenewo, 19 anapezeka kuti waya wawo sanali pamalo oyenera, ndipo ena anapezeka kuti matenda awo anali ena kuyambira pachiyambi. Ngati zimenezi zinachitika m'dziko lolemera chotero, ife amene timatumiza munthu kutali n'kubwerako patatha masabata ochepa tiyenera kuchenjera kuposa pamenepo.

Aliponso amene satsutsa mokweza koma amanong'ona pamaliro kuti manjenje ndi ukalamba basi, kapena kuti alodzedwa, kapena kuti munthu woikidwa waya m'mutu sakhalanso yemwe uja. Parkinson si ukalamba wamba. James Parkinson anawafotokoza ngati matenda ku London mu 1817, ndipo dziko lonse linaona dzanja la Muhammad Ali likunjenjemera poyatsa moto wa Olimpiki ku Atlanta mu 1996, ali ndi zaka 54 zokha. Pa za ufiti, ndikupempha madokotala kuti aziwauziratu achibale kuti MRI ya munthu wa Parkinson weniweni nthawi zambiri imaoneka yabwinobwino. Akapanda kuwauza, azakhali amatuluka m'chipatala akunena kuti makina sanapeze kanthu, ndiye kuti n'za kumudzi, ndipo mapiritsi amatayidwa. Mantha a kusintha kwa khalidwe okha ali ndi maziko, chifukwa odwala ena amakhumudwa, ena amataya mtima pa zinthu, ena amachita zinthu mopupuluma ataikidwa waya. Koma mbali ina ya vutoli imachokera pa malo amene waya wakhala, ndipo zimenezo zikutibwezera ku chithunzi chomwe chija.

Chotsala ndi nkhawa ya amene akufunsa za mawa, ndipo ndi imene banja lililonse liyenera kukhalira pansi. Walira mvula walira matope. Batire losatchaja limatha pa zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kulisintha ndi opaleshoni ina ndi ndalama zina. Lotchaja limatha kufika zaka 15, koma limafuna magetsi sabata iliyonse, ndipo tonse tikukumbukira 2019 ndi 2022, madzi atatsika ku Kariba, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Banja lopanda sola lisasankhe batire lotero mwachimbulimbuli. Batire likangofa mwadzidzidzi, wodwala amene walizolowera angathe kuuma thupi lonse mpaka kufika pangozi. Bala la pachifuwa kapena la pamutu lingathe kutukusira, zida zonse n'kuchotsedwa. Ndiponso kuika waya ndi chiyambi chabe, pakuti kusintha mphamvu ya timagetsi kuti igwirizane ndi mankhwala kumatenga miyezi, ndipo kumafuna dokotala wokhala ndi kachipangizo ka kampani yomweyo, kaya ndi Medtronic, Abbott kapena Boston Scientific. Ena amati chifukwa cha zimenezi ife tizisankha opaleshoni yopsereza kamalo kakang'ono mu ubongo, imene sifuna batire, kaya ndi singano yotentha kapena ndi mafunde a phokoso amene anavomerezedwa ku America mu 2016 pa essential tremor. Maganizo amenewo ndi oyenera kuwaganizira, koma popeza malo opsereza sabwerera, njira imeneyo imadalira chithunzi kuposanso DBS.

Tsono tiyerekeze kuti bambo aja apita, achitidwa opaleshoni, abwerera ku Harare, ndipo patatha miyezi itatu mawu awo sakumveka, manjenje akadalipo. Funso loyamba la dokotala wa kuno lidzakhala lakuti waya ali pati. Ngati banja labwera ndi kalata yokha yoti opaleshoni inayenda bwino, dokotalayo sangadziwe ngati asinthe magetsi, asinthe mankhwala, kapena wayayo waphonya ndipo afunika kuikidwanso. Kujambula mwatsopano n'kotheka, koma munthu wa waya m'mutu salowa mu MRI mwachisawawa, chifukwa nsonga ya waya ingathe kutentha. Ojambula amayenera kudziwa mtundu wa zidazo ndi malire ake, ndipo chithunzi cha CT chimathandiza bwino pokhapokha atachiphatikiza ndi MRI imene inajambulidwa opaleshoni isanachitike. N'chifukwa chake, abale anga, musanatumize dipoziti, lemberani chipatalacho mufunse ngati chimajambula ubongo pambuyo poika waya, ngati chidzakupatsani zithunzi zonse za poyamba ndi za pambuyo pa disiki, pamodzi ndi khadi la mtundu wa zida ndi manambala a magetsi, ndiponso dzina la dokotala wa ku Harare kapena ku South Africa amene azidzasintha manambalawo. Chipatala chikazengereza kuyankha zimenezi polemba, ndalama za bungwe zikhale kaye kwa msungichuma, ndipo gawo lina ligulire bambowo levodopa wa miyezi ikubwerayi.